Sabata yowerengera nthawi ya maulendo a pa M1

Sabata ino ntchito ya mu ofesi yoyang'anira magalimoto inali yokonzanso ndondomeko ya ulendo wa ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 300. Vuto linali loti magalimoto amafika mochedwa kusiyana ndi nthawi yolembedwa papepala, ndipo madalaivala amalozerana chala kuti wina ndi wozizira pa chiwongolero.

Lolemba tinayamba ndi pepala lakalelo. Wolikonza anangogawa makilomita 300 ndi liwiro la 80, n'kupeza maola 3 ndi mphindi 45, ngati kuti galimoto ikangolizidwa imakhala kale pa 80 ndipo siima mpaka ku Blantyre.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pa masamu a kunyamuka. Makilomita 80 pa ola ndi mamita 22.2 pa sekondi. Galimoto yaing'ono ikamawonjezera liwiro mofanana, mamita 1.5 pa sekondi m'sekondi iliyonse, imafika pa 80 m'masekondi pafupifupi 15 itayenda mamita 165. Koma nthawi yotayika si masekondi 15 onsewo, ndi theka lake, chifukwa galimotoyo imakhala ikuyendabe. Kuima pa mabuleki odekha, ochotsa mamita 2 pa sekondi m'sekondi iliyonse, kumataya masekondi ena pafupifupi 6. Choncho kuima kamodzi kumadya masekondi 13, osawerengera nthawi yodikira pamalopo. Lole yodzaza katundu ndi ina: ikamakoka pa 0.5, imafuna masekondi 44 ndi mtunda wa pafupifupi theka la kilomita kuti ifike pa 80. Pa chitunda, monga cha ku Dedza, zimaposa pamenepa, ndipo masamu a kuwonjezera mofananawa amayamba kunama, popeza mphamvu yokoka imachepa ukamakwera magiya.

Chimene chimadya nthawi kwenikweni ndi zikwangwani. Makilomita awiri a m'tauni yaing'ono pa liwiro la 50 amatenga masekondi 144, pomwe pa 80 akanatenga 90. Kusiyana ndi masekondi 54, ndipo malo khumi otere ndi mphindi 9. Nathenje, Lizulu, Ntcheu, Phalula, Lunzu, onse ali pamsewu womwewu, ndipo tsiku la msika ku Lizulu ngakhale 50 yomweyo suyifika. Powonjezera pamenepo pali zipata zolipirira za Kalinyeke ndi Chingeni, ndiye rodibuloko ya pa Zalewa. Pamalo amenewa chofunika kuyeza ndi wotchi ndi mzere wa magalimoto, osati mphamvu ya injini.

Cholakwika china chinatulukira Lachinayi. Anthu amaganiza kuti ukayenda theka la mtunda pa 50, theka lina pa 80, ndiye kuti wayenda pa 65. Ayi ndithu. Makilomita 100 pa 50 ndi maola awiri, ena 100 pa 80 ndi ola ndi mphindi 15. Gawani 200 ndi maola 3.25, mupeza 61.5. Chigawo choyenda pang'onopang'ono chimatenga nthawi yambiri, n'chifukwa chake chimakokera chiwerengero pansi.

Lachisanu madalaivala anafunsa za m'tauni, ngati kuponda kwambiri pakati pa maroboti kumathandiza. Tinatenga maroboti awiri otalikirana mamita 400. Kunyamuka pa loboti yoyamba mpaka kuima pa yachiwiri, wosunga 50 amatenga masekondi 37, wokwera mpaka 70 amatenga 32. Phindu lake ndi masekondi 5 okha, omwe amathera pomwepo loboti ikakhala yofiira, pomwe mtunda woimira pa mabuleki omwewo wachoka pa mamita 48 kufika pa 95.

Pepala latsopano lagawa msewu m'zigawo, chilichonse ndi liwiro lake, ndipo malo oimapo ali ndi mzere wawowawo. Latsala ndi kuyeza nthawi ya pa zipata zija m'mamawa ndi madzulo padera.