Tsiku limene ndinapezeredwa kwa sing'anga ku Guangzhou

Ine jakisoni ndimamuopa. Ndayamba n'kuulula zimenezi kuti mudziwe mmene kusowa tulo kunandisautsira, mpaka ndinakagona chagada mwa kufuna kwanga pamaso pa munthu wonyamula singano.

Unali ulendo wanga woyamba wokaoda katundu ku Guangzhou, m'dziko la China, nsapato ndi zikwama za kashopu kanga ka ku Limbe. Anzanga ozolowera ulendowu anandilangiza zambiri: kosinthira ndalama, anthu otumiza katundu, kodyera ku Xiaobei komwe kumadzaza anthu a ku Africa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6. Ikamakwana 11 koloko usiku, thupi langa linkadziwa kuti ndi 5 koloko madzulo, nthawi yotseka shopu n'kukalimbirana minibasi. Maso gwa! Tulo tinkabwera kunja kukuyera, pamene ndimayenera kudzuka.

Tsiku lachisanu ndinadzichititsa manyazi. Kumeneko mtengo amanenerera pa kakyuleta. Mayi wina wogulitsa nsapato analemba 45, ine pofuna kutsitsa ndinalemba 54. Anandiyang'ana m'maso, napukusa mutu, naitana mnyamata wake kuti andiperekeze kwa dokotala wa mankhwala achikuda a kwawoko.

Titangolowa, fungo la makungwa ndi mizu linandilandira. Khoma lonse linali timadirowa tamatabwa, pathebulo kasikelo kakang'ono. Bambo wachikulire anaika dzanja langa pa kapilo, nagwira mtsempha ndi zala zitatu, kenako dzanja linalo, nthawi yonseyo ali phee ngati akumvetsera wayilesi ya kutali. Anati nditulutse lilime. Analiyang'anitsitsa momwe wogula mbuzi amayang'anira mano. Kenako analankhulira mufoni yake, foniyo n'kundimasulira kuti mtima wanga uli ndi moto.

Anafotokoza kuti kwa iwo mtima ndi nyumba ya chinthu chotchedwa shen, tinene kuti mzimu wa munthu. Usiku shen amayenera kubwerera kunyumba kwake, koma mukakhala moto amangoyendayenda. Sindinatsutse. Wanga ndinkadziwa kumene ali: ku Limbe, kukazonda ngati mnyamata wa pashopu sakuba.

Apa ndiwonjezere kuti ine ndine mkulu wa mpingo. Ndakhala ndikudzudzula paguwa anthu opita kwa asing'anga, ndipo mawu sindimabweza.

Singanozo anazitulutsa m'paketi yomata, zopyapyala ngati tsitsi. Imodzi pakati pa nsidze, ina pamwamba penipeni pa mutu, zina pamwamba pa akakolo, zinanso pamfundo za manja, pamalo amene amawatcha Shenmen, kutanthauza chipata cha mzimu. Ndinali nditaluma mano kudikira ululu wa mphini zimene agogo anga ankatitema ndi lumo, koma kunali kungoti tsu ngati nyerere, kenako kadzanzi kolemera. Atamaliza anayatsa chinthu chonga ndudu yaikulu, cha masamba ouma, namachiyandikitsa kumapazi kwanga kuti ndimve kutentha. Utsi wake ndi uja umatuluka anyamata akabisala kuseri kwa depoti. Foni ya dokotala inati ndisagwedezeke kwa mphindi 30.

Nthawi yomweyo foni yanga inalira m'thumba la jekete.

Popeza WhatsApp kumeneko sigwira, ndinali nditawaikira mayi a kunyumba WeChat ndisananyamuke, n'kuwaphunzitsa bwinobwino kuimba kwa vidiyo. Mtsikana wothandizira dokotala, mwana wa ulemu, ataona kuti manja anga ndi omangika, anatulutsa foniyo, nayankha, naisendeza kumaso kwanga.

"Abambo! N'chiyani chimenecho pamphumipo?"

"Ndili kuchipatala, mayi." Ndinkalankhula milomo yokha, kuopa kuti singano ingathyokere m'mutu.

"Chipatala chanji chofuka utsi? Bwanji muli chigonere opanda nsapato? Kodi kuoda katundu kuja n'kumeneku? Mwapita kokakhwimira bizinesi inu!"

Ndisanayankhe, dokotala uja anasuzumira pafoni, ndodo yake yofuka ili m'manja, namwetulira mano onse panja. "Ni hao!"

Ndinangomva "Yesu wanga!" foni n'kuduka.

Maganizo anga anali oti singano zikangochoka ndiwaimbire, ndifotokoze kuti zimenezi kuno amaphunzira ku yunivesite, ndipo zimachitika ngakhale m'zipatala zikuluzikulu. Ndinayamba kukonza mawu oyamba. Achiwiri sindikuwakumbukira.

Ndinadzidzimuka kunja kuli mdima, nditafunditsidwa bulangeti, singano zitachoka kalekale. Ndinalowa 2 koloko masana, apa inali itadutsa 7. Mtsikana uja anandisonyeza mmene ndimalizira mkonono, nagwira pamimba kuseka. Kaya zinali singano, kaya kutopa kwa masiku asanu, ine sindingaweruze. Chimene ndikudziwa n'chakuti wotumiza katundu amene tinapangana kukumana 4 koloko anali atatseka ofesi, ndipo makatoni anga anatsalira kontena ya sabata imeneyo.

Dokotala anandipatsa timapaketi tisanu ndi tiwiri toti ndiziwiritsa kamodzi patsiku. Anati chachikulu mmenemo ndi suan zao ren, ndipo kasakanizidwe kake analemba ndi dokotala wakale wa kwawoko, Zhang Zhongjing, zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. Atandionetsa chithunzi cha mtengo wake ndinaseka ndekha. Ndi m'bale wake wa masau. Ndawoloka nyanja, ndadutsira ku Addis Ababa, kudzagula nthangala za masau, pamene ku Chikwawa mbuzi zimangodya zogwa pansi.

Usiku umenewo sindinagonenso, poti tulo ndinali nditamalizira masana. Nthawi yowerenga mauthenga ndinali nayo yambiri. Mayi anali atajambula nkhope yanga, singano ili njo pamphumi, utsi kumbuyo, n'kutumiza kwa achemwali awo, ndipo achemwaliwo ntchito yofalitsa sadikira kupemphedwa. Apongozi anafunsa kuti ndi mwana uti amene ndamupereka. Amayi a chigwirizano anali atasala kale chakudya chamasana. Abusa analemba mawu ochepa: "Mukafika tionane musanakhalenso kutsogolo."

Timapaketi tija sitinalowe m'nyumba. Mayi anatilandira pageti ndi pepala la pulasitiki kumanja, osafuna kutikhudza, natiotcha kudzala uku akuimba nyimbo.

Mawa lake m'mamawa kunabwera malume anga, omwe anandikalipira kwambiri kuposa onse. Anakhala pakhonde, namwa tiyi, nayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati mayi ali pafupi. Kenako anasendeza mpando.

"Mphwanga, ya pamphumi ija ndiye ya makasitomala? Chigayo changa chija sichikuyenda bwino."