Mabuloko Athu a ku Bangula

Bizinesi yathu youmba mabuloko a simenti inayambira ku Karonga, ngakhale kuti malo athu ali kuno ku Bangula. Kumayambiriro kwa 2010 ndinapita kumeneko ngati mmisiri wothandizira kumanganso nyumba, pambuyo pa zivomerezi za mu Disembala 2009 zomwe zinapha anthu anayi ndi kuvulaza ena mazanamazana, chachikulu mwa izo chili ndi mphamvu ya 6.0. Mabanja ambiri anali akugonabe m'matenti m'nyengo ya mvula, ena nyumba zawo zili chiimire, chifukwa ankaopa kugona pansi pa khoma long'aluka.

Chimene chinandikhala mumtima ndi mmene makomawo anagwera. Njerwa zambiri zinali zabwinobwino, moti tinkazitola n'kuzikhwekhwereza matope ndi mpeni womangira kuti tizigwiritsenso ntchito. Zolakwika zinali m'mamangidwe: njerwa zomangira matope, makona osalumikizana bwino, ndiponso kusowa kwa lintala yozungulira nyumba yonse, yomwe imagwira makoma anayi ngati lamba kuti pogwedezeka asatayane.

Nditabwerera kumudzi ndinagula chikombole chimodzi, wilibala ndi matumba khumi a simenti, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tinayamba kuumba pansi pa mtengo wa nimu. Ndinkauza aliyense wogula kuti asaiwale zitsulo ndi lintala, koma ambiri ankangoseka. Bambo wina wachikulire anandiyankha kuti, “Amisiri, kuno mdani wathu ndi Shire ndi Ruo, za chivomerezi muwasiyire a kumpoto.” Sindinawatsutse kwambiri, pakuti madzi osefukira a mu Januwale 2015 anatiwonongera ifenso mabuloko osauma ndi mulu wonse wa mchenga. Komatu chigwa chathuchi chili mumng'alu waukulu womwewo wa Rift Valley umene munadzera chivomerezi cha ku Karonga, ndiponso cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989, chomwe chinapha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pokhala.

Mu Malichi 2018 nthaka inagwedezeka kuno ku Nsanje. Ndinali ndikuthirira mabuloko pamene madzi a mumgolo anayamba kukhavukira okha, malata akulira ngati kukudutsa galimoto yolemera, ndipo anyamata anga anataya mafosholo n'kuthawira pabwalo. Sabata imeneyo ndinaitanidwa kukaona ming'alu m'nyumba zingapo, imodzi mwa izo ya bambo aja, amene anandilandira mwaulemu osakumbutsa zomwe tinakambirana.

Lero tili ndi zikombole zinayi ndi antchito asanu ndi mmodzi, ndipo timamanganso nyumba zonse. Mtengo wa simenti ukakwera, chinthu choyamba chimene wogula amapempha kuti tichotse pa mndandanda wa zipangizo ndi lintala ija. Zikatero ndimawapempha kuti tichepetse chipinda chimodzi m'malo mwake, ndipo mwezi wathawu awiri anavomera, wachitatu anakafuna mmisiri wina.