Khungu silikuwerengedwanso posankha ophunzira ku America

Pa 29 June 2023, khoti lalikulu la ku America linaletsa mayunivesite kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira. Mlanduwu unakhudza Harvard ndi University of North Carolina. Zotsatira sizinachedwe: ku yunivesite ya MIT (Massachusetts Institute of Technology), ophunzira akuda olowa mu 2024 anali 5 pa 100 alionse, pomwe zaka zam'mbuyo ankafika 13. Zimenezi n'zowawa ndithu.

Koma inu amene mukufunsira malo, mpata umodzi ulipobe. Mkulu wa oweruza, John Roberts, analemba m'chigamulocho kuti mu essay, nkhani yomwe mumalemba yonena za inu pofunsira malo, mutha kufotokoza momwe tsankho linakhudzira moyo wanu. Ambiri amaphonya apa, amangoti ndine wakuda basi. Sizikwanira, chifukwa chigamulocho chimalola kuti akuyezeni pa khalidwe ndi luso lanu lokha. Lembani chimene chinachitika, liti, kuti, munachitapo chiyani, ndipo chinakuphunzitsani chiyani chomwe mungapite nacho pasukulupo.