Batani la Kalulu

Ku fakitale kwathu ku Elkhart, m'boma la Indiana ku America, aliyense amadziwa kuti ine ndine munthu wa kunyanja. Ndinawauza ndekha. Kwathu ndi ku Nkhotakota, limenelo si bodza. Kungoti mudzi wathu uli kumtunda, cha kunkhalango ya nyama uko, ndipo nsomba tinkakumana nazo zitafika kale panjinga, zouma. Koma za mtunda wochoka pakhomo pathu kukafika kugombe palibe mzungu anandifunsapo.

Kapitawo wathu ndi mkulu wina wa ndevu zotuwa, wokonda kuwedza kuposa kudya. Tsiku lina pa nkhomaliro anandionetsa pafoni nyanja ya Wawasee, nati mwa nyanja zachilengedwe zimene zili zathunthu m'kati mwa Indiana, yaikulu ndi imeneyi, maekala pafupifupi 3,000. Ine kuseka. Ndinamuuza kuti kwathu limenelo ndi dziwe lochapiramo zovala. Yathu ndi makilomita oposa 500 m'litali, ndipo mwera ukakwiya ngakhale a m'sitima ya Ilala amayamba kukumbukira mapemphero a ku ubwana. Mkulu uja anagwedeza mutu mwaulemu.

"Ndiye Lamulungu likubwerali tipite, ukandiphunzitse."

Vuto linali tsikulo. Mayi a kunyumba ndi a kwaya kumpingo kwathu ku South Bend, ndipo kwa iwo munthu amajomba kutchalitchi pa zifukwa ziwiri zokha: ali m'chipatala kapena ali ku ntchito. Ndinasankha ntchito. Ndinati kwagwa ovataimu, maoda achuluka. Chiphaso chowedzera, poti kuno nsomba ili ndi boma lake, ndinachigula pa intaneti usiku nditadzitsekera m'bafa, madzi a pampopi akutuluka kuti asamve kalikonse.

Tinafika ku Syracuse, tauni ya m'mbali mwa nyanjayo, dzuwa likungosuzumira. Boti la mkuluyu ndi la mtundu umene amautcha pontoon. Tangoganizani khonde la nyumba, ndi mipando yake yawofuwofu, kampanda kake ndi denga lake lansalu, wina n'kulizula lonse kukalisanjika pa migolo iwiri yaitali ya aluminiyamu. Anayambitsa ndi Ambrose Weeres wa ku Minnesota mu 1952, munthu wa kumunda, ndipo zimaoneka, chifukwa msodzi wa chilimira sakanalota chinthu chotere. Ochuluka a mabotiwa amapangidwa kwathu konkuno, ku Elkhart ndi matauni oyandikana nawo. Tinali atatu: ine, kapitawo, ndi galu wake. Galuyo anali ndi jekete lake loyandamitsa, la saizi yake, lokhala ndi chogwirira pamsana. Langa linali lothina m'khwapa.

Kumbuyo kwa boti kuli injini yaikulu ya petulo yokufikitsa kumene ukupita. Kutsogolo, pafupi ndi kachitseko ka mpanda, kuli kainjini ka magetsi kamene amati trolling motor: mutu pamwamba, ndodo yaitali yolowa m'madzi, kapulopela pansi. Mkulu uja anakafotokoza mwachikondi. Injini yaikulu imathamangitsa nsomba ndi phokoso, akuti, koma aka kamakuyendetsa mwakachetechete m'mbali mwa udzu wa m'madzi, momwe nsomba zimabisala. Mphamvu yake saiyeza ndi mahatchi koma ndi mapaundi a kukankha. Kake ndi ka mapaundi 80, kamadya mabatire awiri a mavoti 12 olumikizidwa kuti apange 24. Lamulo la asodzi ndi lakuti pa mapaundi 100 alionse a kulemera kwa boti, pamodzi ndi katundu ndi anthu, pamafunika mapaundi awiri a kukankha. Atanena za anthuzo anayang'ana mimba yanga kanthawi, napitiriza.

Anandichenjezanso za mphepo. Pontoon siizika thupi m'madzi, imangokhala pamwamba, ndiye mpanda ndi denga lija zimakola mphepo yonse yodutsa. Ine ndinati za mphepo asandiuze.

Kenaka anavula rimoti imene anaikoleka m'khosi. Mabatani a kumanja ndi kumanzere, lowonjezera liwiro, lochepetsa. Lina linali ndi chithunzi cha nangula: ukalidina, kainjini kamalankhula ndi GPS n'kumadzitembenuza kokha kuti boti likhale pamalo pomwepo, osaponya chitsulo chilichonse m'madzi. Lina linali ndi chithunzi cha kalulu.

"Ili ndi la liwiro lonse nthawi imodzi. Limamaliza batire. Usalikhudze."

Mwana aliyense wa ku Malawi amene anakhalapo pamoto madzulo amadziwa kuti pamene pali kalulu pali mlandu. Amene anajambula chithunzicho sanakule ndi agogo.

Tinawedza. Kunena bwino, iye anawedza. Ankangokoka tinsomba totchedwa bluegill, tokhala ndi kadontho kakuda pakhutu, n'kumatibweza m'madzi tina, ine mtima ukuwawa poona ndiwo zikutayidwa. Kwa ine nsomba zinkabwera kudzadya basi. Ndinkakoleka nyongolotsi zitatu pambedza imodzi, kumuuza kuti ndi njira ya kwathu, ndipo pasanapite nthawi kabokosi ka nyambo kanali mbee. Khofi amene mkuluyo anamwa m'galimoto nayenso anali atayamba kufunsa njira. Tinalunjika padoko lina pomwe amagulitsa nyambo.

Padokopo panalibe malo omangirira, maboti anali thithithi. Mkulu uja anasendeza boti kumapeto kwa thabwa, nadumphira kumtunda, nandiponyera rimoti.

"Bwerera pang'ono, udine nangula, undidikire. Mphindi zisanu zokha."

Makiyi a injini yaikulu anapita nawo, akulendewera palamba ndi kachingwe kofiira.

Ndinabwerera pang'ono. Ndinadina nangula. Abale anga, chinthu chija chinagwira ntchito! Mphepo ikakankha, kamutu kaja kamatembenuka kokha, pulopela n'kung'ung'udza pang'ono, boti n'kubwerera pamalo pake. Ndinaima pakati pa boti manja m'chiuno, ndikulakalaka anyamata a kwathu akanandiona. Ndinaponya mbedza yanga kutsogolo ndi kachidutswa ka buledi. Rimoti ija inkandisokoneza polendewera pachifuwa, ndiye ndinaivula n'kuiika m'thumba la kumbuyo la buluku. Kenaka, monga mwini boti aliyense amachitira, ndinadzigwetsa pampando wawofuwofu.

Boti linanyamuka. Galu anatsetsereka ndi matako kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, maso ali pa ine. Ndinayamba kufufuza rimoti: pachifuwa palibe, pampando palibe, pansi palibe. Ndikapendekekera kumanja kuti ndisuzumire pansi pa mpando, boti linkakhotera kumanja. Ndikapendekekera kumanzere, nalonso kumanzere. Ndinayamba kukhulupirira kuti makinawa amawerenga maganizo a munthu. Tinazungulira kamodzi, bambo wina wa m'kabwato kopalasa anakweza nkhafi m'mwamba n'kunena mawu amene sindingawalembe pano. Tinazunguliranso. Chingwe cha mbedza yanga, chimene chinali kutsogolo, tsopano chinali pansi pa boti, ndipo ndinaona ndodo ikuwerama, chingwe chikutha pagudumu ndi kaphokoso kokoma. Mtima unadumpha, ndinati ndakola chinsomba. Ndinali nditakola pulopela yathu yomwe. Kainjini kanabuula, kanatsokomola, penapake pansi pa mpando panamveka kuti thi! Kenaka zii.

Rimoti ndinaipeza nditaimirira, poti m'thumba munkatentha ndi thukuta. Ndinadina nangula. Palibe. Ndinadina kumanja, kumanzere, ngakhale kalulu yemweyo ndinamupepesa n'kumudina. Palibe.

Apo ndi pamene mphepo inatitenga. Sinali mphepo yoti munthu n'kuitchula dzina, kamphepo kongogwedeza masamba, koma denga lansalu lija linakalandira ndi manja awiri. Doko linayamba kuchepa. Ndinaona kapitawo akutuluka m'sitolo, kabokosi ka nyongolotsi m'manja, akuyang'ana pamene anasiya boti lake, kenaka akuyang'ana kumene boti lake linali kupita. Ndinamuimbira foni. Inalira bwinobwino, pampando wa woyendetsa, pambali pa chipewa chake.

Nkhafi ndinaipeza, kakafupi, kopindika pakati. Koma pansi pa pontoon ndi patali ndi madzi, ndiye ndinatsegula kachitseko ka kutsogolo, ndinagona chafufumimba, n'kuyamba kupalasa. Boti la mamita pafupifupi asanu ndi awiri silimva nkhafi ya munthu mmodzi wogona. Linangotembenuka pang'onopang'ono n'kupitiriza ulendo wake chammbali. Galu anabwera kudzandinyambita khutu.

Ndili chigonere choncho ndinayamba kumva nyimbo. Nyimbo ya m'buku, mayimbidwe ake omwe aja timaimba kwathu, mawu okha ndiwo a Chingerezi, ikuchokera pamwamba pa madzi. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinaganiza kuti mwina ndamira kale osazindikira, ndipo uku ndiye kulandiridwa kwake. Nditadzutsa mutu ndinaona maboti, ambirimbiri, onse ataponya anangula, atayang'ana mbali imodzi, ndipo kutsogolo kwawo kunali chiboti chachikulu chokhala ndi zokuzira mawu.

Zimene kapitawo sanandiuze ndi zakuti pa Wawasee, nyengo yotentha, m'mawa wa Lamulungu pamakhala mapemphero a pamadzi. Anthu amabwera ndi maboti awo, ena amakhala kumtunda pa kapinga, mlaliki amalalikira ali paboti. Pa nyanja yonse ya maekala 3,000, mphepo inasankha kunditula pamenepo.

Ndinalowa chammbali, pakati penipeni. Anthu a kuno ndi aulemu moopsa. Palibe anakalipa. Boti langa likayandikira la wina, mwini wake ankangotambasula mwendo n'kulikankha pang'ono, uku akuimbabe, n'kulipereka kwa wa kutsogolo kwake. Wa kutsogoloyo nayenso chimodzimodzi. Anandipatsirana choncho, mzere ndi mzere, ine nditaima ndi kankhafi m'manja, malaya atanyowa pamimba, ndikugwedezera mutu uku ndi uku. Ndinafika mpaka kutsogolo kwenikweni, pamene kumpingo kwathu sindinakhalepo chiyambire. Gogo wina wachipewa chachikulu anagwira mpanda wanga, natenga chingwe, namangirira boti langa ku lake ndi mfundo imodzi yachangu.

"Mwafika bwino, ulaliki sunayambe," anandinong'oneza.

Ndinavula kapusi. Ndinakhala pansi mosamala, rimoti nditaiika patali.

Ulaliki unali wabwino, ndisaname, ngakhale ndinkangoona ngati mlaliki akuyang'ana ine. Zinthu zinaipa pa pemphero. Ndodo ya kapitawo inali ikadali m'chogwirira chake kumbuyo kwa boti, chingwe chili m'madzi ndi kanyambo ka pulasitiki, ndipo ulendo wonse uja kanyamboko kanali kakuvina pang'onopang'ono kumbuyo kwathu, ndendende mmene mkulu uja ankafunira m'mawa wonse. Anthu atangoweramitsa mitu, nyanja yonse ili chete, gudumu linalira: zwiiii! Galu anauwa. Ndinatsegula diso limodzi. Ndodo inali itapindika, ikufuna kuzuka, ndipo mtengo wake mkulu uja anali atanditchulira kawiri m'galimoto. Ndinadumpha.

Nsomba inatumphuka m'madzi, yobiriwira, kukamwa kuli yasa, n'kugwa kuti phava! Amen anamveka msanga kuposa mmene mlaliki anakonzera. Kamnyamata ka m'boti la kumanzere kanayamba kukuwa kuti ndikweze ndodo, agogo ake aamuna akuti ayi nditsitse, wina kumbuyo akuti ndisalole ilowe pansi pa migolo. Ndinamvera onse nthawi imodzi, ndipo mwa chisomo chokha nsomba inafika m'boti. Inali bass ya kamwa lalikulu. Inali yoterera, yamphamvu, yosiyana kwambiri ndi zouma za panjinga zija. Ndinaikweza m'mwamba, anthu anaomba m'manja, mafoni anatuluka. M'mutu mwanga munali kale tomato ndi anyezi.

Gogo uja anatsegula kachikwama kake natulutsa tepi yoyezera. Anaigoneka pansomba yanga kuchokera kumlomo mpaka kumchira.

"Mainchesi 13. Lamulo likuti 14, mwanawe."

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina pali wina wondimvetsa. Mpingo wonse unali kundiyang'ana mwachikondi. Ndinawerama n'kuibweza m'madzi, ndipo anaombanso m'manja, kuposa poyamba.

Kapitawo anafika nyimbo yotsiriza ili m'kati, atakwezedwa kumbuyo kwa kanjinga ka pamadzi ndi mnyamata wina, ndevu zikudontha, kabokosi ka nyongolotsi akadakagwirabe. Sanalankhule mpaka mdalitso utatha. Kenaka anadzutsa kainjini kaja, anamasula nati ya pulopela, nayamba kusolola chingwe changa, mkono ndi mkono. Anati chingwe chikasiyidwa mmenemo chimadula labala yotchinga madzi, madzi n'kulowa m'mota. Anatukula mpando, nadina kabatani kamodzi ka chodulira magetsi chimene chinalira thi chija, kainjini kanadzuka ngati palibe chinachitika. Pambali pa mabatirewo panali nangula weniweni, wachitsulo, ndi chingwe chake chokulungidwa bwino. Anamuyang'ana, anandiyang'ana.

"Kwanu mumawedza chonchi?"

Ndinamuuza kuti kwathu mphepo ili ndi mwambo, imayamba yachenjeza.

Kunyumba ndinafika masana nditasintha malaya, ndikuyenda mokoka miyendo monga munthu wochoka ku ntchito. Mayi anandilandira bwino. Madzi osamba m'manja, nsima yotentha, nkhuku. Nditatema mbamu yachiwiri anasendeza foni yawo pambali pa mbale. Wina wa pa mapemphero paja anali ataika chithunzi pa Facebook. Mayi wina wa kwathu, wogwira ntchito kosamalira okalamba, anachiona kwa achibale a gogo amene amamusamalira, ndipo chisanathe chakudya chamasana chinali pa gulu la WhatsApp la amayi a kumpingo. Ndinalipo ine, mano onse panja, nsomba m'mwamba, galu wovala jekete pambali, mlaliki kumbuyo.

"Fakitale yanu yakula bwanji, bambo a ana. Mpaka ili ndi nyanja m'kati."

Sanakweze mawu. Anatenga cholembera ndi envulopu yakale ya bilu ya magetsi. Anati ovataimu m'dziko muno, malinga ndi lamulo, ndi malipiro a pa ola kuphatikiza theka lake, ndipo malipiro anga a pa ola amawadziwa. Anawerengera kuyambira pamene ndinatseka chitseko m'bandakucha mpaka pamene ndinachitsegulanso, nalemba chiwerengero, nachizunguliza.

"Lachisanu ndiipeze patebulo pano."

Lachisanu ndinakatapa ku ndalama imene ndinkasungira malata a nyumba ya kumudzi. Anaiwerenga kawiri, anachotsapo chakhumi, nachiika m'envulopu yatsopano n'kundibwezera kuti ndikapereke ndekha Lamulungu. Malo anali atandisungitsira kale kwa a dikoni, benchi loyamba, moyang'anizana ndi kwaya.