Sabata yomwe ndinasankha sukulu ya mastazi

Lolemba ndinali pa shifiti ya usiku. Cha m'ma 2 koloko agogo ena a pabedi la pakona anayamba kubanika, thupi litatentha kwambiri. Ndinawakhazika tsonga, ndinawaika pa okosijeni, n'kuimba foni. Amene anabwera sanali dokotala ayi, koma namwino mnzanga wa udindo womwe kuno ku England amati Advanced Clinical Practitioner. Anamvetsera chifuwa, anagogoda kumsana ndi zala, anaitanitsa X-ray, n'kulemba yekha mankhwala a chibayo. Ola lisanathe agogo aja anali atalandira mankhwala oyamba kudzera m'mtsempha. Ntchito imeneyi ndi yomwe mtima wanga wakhala ukufuna chichokereni ku Kamuzu College of Nursing ku Lilongwe, ndipo usiku umenewo ndinati basi, chaka chino ndilembetsa.

Lachiwiri ndinagona mpaka masana, kenako ndinatsegula laputopu. Makosi a mastazi a ntchito imeneyi pa intaneti ndi mbwee. Ine sindingasiye ntchito n'kukakhala m'kalasi, pakuti lendi ikudikira ndipo kumudzi ku Dedza akuyang'ana kwa ine. Choncho ndinatsala ndi awiri. Onse ndi a zaka zitatu ukuphunzira uku ukugwira ntchito. Woyamba ndi wotsika mtengo, zonse pa kompyuta, osapondako n'komwe kuyunivesite. Wachiwiri ndi wokwera, ndipo uli ndi masiku oti ukaonekere pamaso pa aphunzitsi.

Lachitatu ndinaimbira mayunivesite onse awiri ndi mafunso atatu omwe mnzanga uja anandilembera pakapepala. Kodi kosiyi ndi yovomerezeka ndi Centre for Advancing Practice, nthambi yovomereza makosi otere ya NHS England, bungwe loyendetsa zaumoyo za boma kuno? Kodi muli V300, gawo lomwe limapatsa namwino chilolezo cholemba mankhwala, lomwe bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la NMC limalemba pa dzina lako m'kaundula? Nanga kuyeza wodwala ndi manja adzandiyesa ndani? Kwa woyamba uja anandiyankha mwaulemu kuti digiri yawo ndi ya maphunziro chabe, V300 ndikaifune kwina. Sanandibisire kanthu, ndipo kwa munthu wofuna uphunzitsi kapena kafukufuku ndi kosi yabwino ndithu. Koma ine ndikufuna kuima pambali pa bedi. Phokoso la madzi m'mapapo ungalimve pa kompyuta kambirimbiri, koma kulipeza pa gogo wowonda amene akubuula, wodi ili piringupiringu, pamafunika wina wodziwa aime pambali pako, akuuze kuti tsitsa pang'ono, mvetseranso apa. Kwathu tinaphunzira choncho, Asisita akukugwira dzanja pamimba ya mayi woyembekezera mpaka utazindikira pomwe pali mutu wa mwana.

Wachiwiri uja sakulandira ngati ulibe kalata ya abwana yolonjeza nthawi yophunzira, komanso munthu wokuyang'anira pantchito. Poyamba ndinaona ngati akungondivutitsa. Pofika madzulo ndinali nditamvetsa kuti phindu la kosiyo lagona pamenepo.

Lachinayi linali tsiku lolemera. Tinali operewera, odwala awiri anagwa, ndipo chakudya cha masana ndinadya 4 koloko. Komabe nditaona adokotala aakulu a wodi yathu akutuluka, ndinawatsatira m'khonde n'kuwapempha kuti akhale ondiyang'anira. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinawafotokozera za agogo a Lolemba, ndi za usiku wina womwe tinadikira nthawi yaitali munthu woti angolemba mankhwala ochepetsa ululu, wodwala akulira ine ndilibe mphamvu yochitapo kanthu. Anakhala chete pang'ono, kenako anati ndiziyenda nawo poona odwala Lachinayi lililonse m'mawa.

Za abwana sizinathe bwino kwenikweni. Lachisanu anandiuza kuti ndalama zophunzitsira antchito za chaka chino zinagawidwa kale, koma tsiku limodzi lophunzira pa sabata akhoza kulipempha kwa akuluakulu. Ndiye kuti chaka choyamba mwina ndilipira ndekha.

Usiku womwewo ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Ndinawauza kuti ndalama ya malata ichedwerapo mpaka dzinja litatha. Anafunsa ngati sukuluyi indisandutse dokotala. Ndinati ayi amayi, ndikhalabe namwino, koma woti wodwala akabanika usiku sadzadikira wina. Anati, "Pita nazo mwanawe, denga lakale likadalipo."

Loweruka m'mawa, ndisanapite kuntchito, ndinatumiza fomu ya kosi yachiwiri ija. Agogo aja ndinawapeza atakhala pampando, okosijeni atachotsa, akufunsa tiyi.