Chimanga, mtedza ndi mpweya wa m'botolo: sabata yachitatu

Ino ndi sabata yachitatu chiyambireni kuyeza kapumidwe ka mbewu zongomera kumene m'kachipinda kanga kuno ku Area 25. Chimene ndikufufuza ndi respiratory quotient, mwachidule RQ, yomwe imapezeka pogawa kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi amene maselo atulutsa ndi kuchuluka kwa okosijeni amene agwiritsa ntchito.

Ndimaika njere m'mabotolo awiri otsekedwa bwino, lililonse ndi kapaipi koonekera mkati momwe muli kadontho ka madzi a utoto. M'botolo loyamba ndimaika soda lime pansi pa thonje kuti amwe kaboni dayokisaidi yense, choncho kadontho kakamayenda kamasonyeza okosijeni yekha amene wapita. M'botolo lachiwiri mulibe soda lime, choncho kadontho kamasonyeza kusiyana kwa okosijeni amene wapita ndi kaboni dayokisaidi amene watuluka.

Chimanga ndinachinyika monga amachitira amayi pokonza chimera cha thobwa, ndipo sichinandivutitse. M'botolo lachiwiri kadontho kanangokhala pamodzimodzi, chifukwa sitachi wa m'chimanga amasanduka glukosi, mtundu wa shuga, ndipo molekyulu imodzi ya glukosi imafuna mamolekyulu 6 a okosijeni n'kutulutsa 6 a kaboni dayokisaidi. RQ yake ndi 1.

Mtedza ndiwo unandisowetsa tulo. Mafuta ali ndi okosijeni wochepa mwa iwo okha, motero amafuna wambiri wochokera mumpweya: palmitic acid, mmodzi mwa ma asidi opezeka m'mafuta, amatenga mamolekyulu 23 a okosijeni n'kubweza 16 a kaboni dayokisaidi, zomwe zimapereka pafupifupi 0.7. Koma nambala zanga za RQ zinkatsika kupitirira pamenepo, ndipo ndinaganiza kuti chivindikiro chikulowetsa mpweya, mpaka ndinamata kawiri konse. Vuto silinali chivindikiro ayi. M'masiku oyambirira, njere ya mtedza siingotentha mafuta ake, koma ena imawasandutsa shuga woti apite ku kamuzu ndi kamphukira, ndipo ntchito imeneyi imadya okosijeni wochuluka kuposa kaboni dayokisaidi amene imatulutsa. Zinandikhudza kuona kuti kadontho kamodzi kakhoza kuulula zimene njere ikuchita mkati mwake.

Kutentha kwa Okutobala kukafika pa malata masana, mpweya wa m'botolo umafufuma n'kukankhira kadontho kunja, choncho tsopano ndimayeza m'mbandakucha mabotolo ali m'beseni la madzi, pamodzi ndi lachitatu la njere zowiritsa loyerekezera.

Nyemba ndazinyika usiku wathawu. Mapuloteni paokha amapereka pafupifupi 0.8, koma popeza nyemba zilinso ndi sitachi wambiri, ndikuyembekezera nambala yokwererapo ndikadzaziyeza Loweruka.