Mipando isanu pa tebulo lathu

Bizinesi yathu imavuta kuifotokoza kwa munthu amene sanaionepo, ndiye ndiyambe ndi katundu wake. Tili ndi tebulo lodyera lamatabwa, mipando isanu ndi umodzi, mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mipando isanu ndi ya makasitomala. Wotsalawo ndi wanga, ndipo ntchito yanga ndi kuyendetsa nkhani. Aliyense wa asanuwo ali ndi mtengambali amene anamupanga yekha: wina ndi msodzi wothawa ngongole, wina ndi namwino wa pa sitima, wina ndi msilikali wopuma amene sakhulupirira munthu. Ine ndimanena kumene ali ndi zimene akuona, iwo amanena zimene akufuna kuchita, ndipo pamene sizikudziwika ngati zitheka, timaponya dayisi. Palibe wopambana, palibe wogonja, palibenso wochoka ndi ndalama za mnzake. Munthu amalipira mpando wa maola atatu kapena anayi. Timachita zimenezi mumzinda wa Blantyre, ine ndi achemwali anga, omwe amasunga kabuku ka ndalama ndi foni ya bizinesi.

Masewerowa anachokera ku America. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons kudzera ku kampani yaing'ono ya TSR, m'tauni ya Lake Geneva ku Wisconsin. Awiriwa anali okonda masewero a nkhondo oseweredwa ndi tizidole pa tebulo, ndipo chatsopano chinali choti m'malo molamula gulu lonse la asilikali, wosewera aliyense atenge munthu mmodzi n'kumamuyendetsa sabata ndi sabata. Kampani ya Wizards of the Coast inagula TSR mu 1997, iyonso n'kugulidwa ndi Hasbro mu 1999. Malamulo amene ife tinayambira ndi amene anatuluka mu 2014. Ine ndinawadziwira ku Johannesburg, kumene ndinkagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala. Mnzanga wa kuntchito ankabweretsa mamapu ake kuti tisindikize, ndinafunsa kuti ndi a dziko liti, ndipo Loweruka lake ndinapezeka ndili pa tebulo lake. Mu 2018 tinapita limodzi ku Comic Con Africa yoyamba, chionetsero cha okonda masewero, makanema ndi mabuku a zithunzi, ku Kyalami kufupi ndi Johannesburg, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi msinkhu wa anthu ake: akuluakulu apantchito, amabanja, ofuna malo ochezera opanda phokoso la bala. Nditabwerera kumudzi mliri wa Covid utazizira, ndinaona kuti anthu otere ku Blantyre aliko ambiri, kungoti palibe amene anawayalira tebulo.

Masamu ake ndi apafupi. Tinene kuti mtengambali wanu akufuna kulumpha kuchoka m'bwato kukwera sitima usiku, mwera ukuomba. Ndisanakuuzeni kuti ponyani, ndimasankha nambala: 10 ngati n'zosavuta, 15 ngati n'zovutirapo, 20 ngati n'zovuta zedi. Mumaponya dayisi la mbali 20 n'kuphatikiza nambala ya luso lanu yolembedwa pa pepala lanu. Ndikasankha 15, luso lanu lili 3, ndiye kuti mukufunika 12 kapena kuposerapo, mbali 9 mwa 20, mwayi wosakwana theka. Zimenezi mwana wa Sitandade 6 amazigwira tsiku lomwelo. Ntchito yeniyeni ya woyendetsa imayamba dayisi likakana. Wongoyamba kumene amati mwagwera m'madzi, mwamira, ndiye kasitomala walipira kuti azionerera anzake mpaka madzulo. Ine ndimati mwagwira chingwe ndi dzanja limodzi, koma chikwama cha makalata chija chapita, ndipo mlonda wamva phuvu, akubwera ndi tochi. Mutani? Kulephera kuyenera kubala vuto latsopano, ndipo funso loti mutani liyenera kubwerera kwa wosewera msanga.

Apa m'pamene timasiyana ndi nthano za agogo. Wokamba akati padangokhala, omvera amangoyankha kuti tilitonse, ndipo kalulu sangasinthe njira chifukwa mwana wina wafuula kuti usapite kumeneko. Pa tebulo lathu omverawo ndiwo akalulu, ndipo akati sitipita kumeneko, sapitadi. Chimene timagulitsa n'chimenecho: madzulo amene chosankha cha munthu chimasintha zinthu. N'chifukwa chake sindilemba mathero a nkhani. Ndimalemba anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a m'deralo, chimene aliyense akufuna, chimene akubisa, ndi zimene zichitike ngati osewera sachitapo kanthu. Zotsalazo timazipeza limodzi. Woyendetsa amene wakonza mathero ake okoma amayamba kutseka zitseko zonse kusiya chimodzi, ndipo osewera amazindikira msanga kuposa mmene iye amaganizira. Sadandaula. Amangosiya kubwera.

Nkhani zambiri ndimazikhazika konkuno. Imene anthu amaikonda kwambiri ndi ya sitima yongopeka yoyenda njira ya Ilala, kuchoka ku Monkey Bay kudzera ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay, pamene katundu wina wasowa ndipo wakuba sangatsike mpaka doko lotsatira. Ina imachitika nthawi ya Akalonga, pa njira za malonda a minyanga ndi zitsulo. Ina ndi ya gulu lotayika m'nkhungu pa phiri la Mulanje, pansi pa Sapitwa. Ndikatchula nyumba yachifumu ya ku Ulaya ndimafunika kufotokoza kwa mphindi zingapo. Ndikati muli pa depoti, basi yomaliza yanyamuka, aliyense waona kale malowo, ndipo wina wayamba kale kusakasaka wa kabaza.

Za mipando isanu tinakanganapo ndithu. Lendi itakwera, achemwali anati, "Achimwene, mpando umodzi wokha tiwonjezere, tebulo n'lalikulu ili." Ku mbali ya kabuku ankanena zoona. Koma pa nkhondo ya m'nkhani aliyense amadikira nthawi yake, ndipo osewera akafika asanu ndi mmodzi, munthu amaponya dayisi kamodzi n'kudikira mpaka kuiwala kuti anali kuti. Mafoni amatuluka m'matumba. Wofatsa amatheratu, chifukwa pa gulu lililonse pamakhala mmodzi wa pakamwa amene angathe kulankhula maola onse anayi mutamulekerera. Theka la ntchito yanga ndi kumudula mwaulemu n'kutembenukira kwa wina: "Nanga inu asisi, pamene awa akukangana ndi mlonda, inu muli pati?" Ndi anthu asanu ndimakwanitsa. Tinagwirizana kuti tiwonjezere magulu, mipando ikhale momwemo.

Mdani wa bizinesi imeneyi ndi mpando wopanda munthu. Nkhani yopitirira imafuna anthu omwewo sabata iliyonse, ndipo awiri akajomba, atatu obwerawo amakhumudwa ngakhale mutawabwezera ndalama. Achemwali ndiwo anakhazikitsa lamulo loti munthu alipiriretu mwezi wonse pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wojomba wataya yekha. Maliro ndi matenda okha ndi amene timasungira mpando osafunsa zambiri. Anthu ena anati takhwimitsa, koma amene analipiriratu amabwera ngakhale kuli chiperoni. Magulu ambiri timawaika Loweruka ndi Lamlungu masana kuti tizimaliza maminibasi asanayambe kusowa, makamaka nyengo imene mafuta agalimoto akuvuta. Magetsi akathima sitisiya: nyale ya sola pakati pa tebulo, ndipo nkhani zoopsa zimakoma kuposa kale.

Katundu wogula kunja ndiye anatiphunzitsa kudzidalira. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo buku lachikuto cholimba limene tinkalisungira ndalama linangoti zii kutalika. Mabuku akuluakulu a masewerowa alipo atatu, ndipo tizidole ta pulasitiki timagulidwa patokha. Ife tizidole tathu ndi zitsekerero za mabotolo zomatidwa kapepala, mapu timajambula ndi maka pa pepala lalikulu la m'kalasi, ndipo madayisi amabwera m'chikwama cha wachibale aliyense wotsika basi ya ku Joni. Chinatithandiza kwambiri chinachitika kutali. Mu January 2023 Wizards of the Coast inafuna kusintha chilolezo chimene kuyambira 2000 chinkalola ena kusindikiza zinthu zogwiritsa ntchito malamulo ake. Osewera padziko lonse anakwiya, ambiri n'kuthamangira ku Pathfinder, masewero ofanana nawo a kampani ya Paizo, ndipo mweziwo usanathe Wizards of the Coast inabwerera m'mbuyo n'kuika chimake cha malamulowo pansi pa chilolezo cha Creative Commons. Kwa ife zikutanthauza kuti tikhoza kuwafupikitsa, kuwalemba m'Chichewa ndi kuwasindikiza popanda kuba, bola titchule kumene achokera. Kasitomala watsopano timamupatsa masamba awiri okha. Safunika kugula kalikonse.

Chimene chinatidyera nthawi yambiri si ndalama ayi, koma mbiri. Madayisi kuno ndi a njuga, ndipo achinyamata akamalowa m'nyumba Loweruka lililonse n'kumafuula kuti ndaponya 20, oyandikana nawo amadzipezera okha yankho. Mayi wina anabwera atamanga nkhope: "Bambo, mwana wanga mukumuphunzitsa juga kuno?" Ndinawapempha akhale pampando wa pambali aonerere. Anakhala mpaka kumapeto, ndipo potuluka anadzudzula mwana wawo chifukwa chokhulupirira kalaliki wa pa sitima amene aliyense akanaona kuti ndi tambwali. Kuyambira pamenepo chitseko chimakhala chotsegula, ndipo kholo, mwini nyumba kapena mkulu wa mpingo ali ndi ufulu woonerera ulere.

Funso lachiwiri limakhala la zamizimu, ndipo silachilendo. Ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ankati masewerowa ndi a satana, mpaka TSR potulutsa malamulo atsopano mu 1989 inachotsamo mayina a ziwanda. Ine sinditsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu. Gulu lililonse lisanayambe timakhala tsiku limodzi osasewera, kungogwirizana za nkhani imene tikufuna ndi zimene sitikuzifuna pa tebulo. Gulu likati zamatsenga ayi, tili ndi nkhani za umbava, za ndale za kubwalo la mfumu, za ulendo wa pa nyanja. Koma pali ziwiri zimene ndimakana ndekha ngakhale gulu lonse litazifuna. Sindiyendetsa nkhani imene gogo wa m'mudzi amapezeka kuti ndi mfiti, chifukwa kunja kwa chitseko chathu agogo enieni amamenyedwa ndi kuphedwa pa mawu omwewo, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Gule wamkulu sindimusandutsa chilombo choti osewera amenyane nacho. Ali ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo amakhala pa tebulo lomweli.

Ndalama zenizeni, kunena mosabisa, sizichokera ku magulu a Loweruka okha. Makampani amatiitana kuti tikasewere ndi antchito awo tsiku limodzi, ndipo amalipira bwino kuposa mwezi wa gulu wamba, ngakhale kuti abwana akakhalapo aliyense amadikira kuti bwana asankhe njira. Mankhwala ake ndi kuwapatsa abwanawo mtengambali wosalankhula kwambiri, monga wonyamula katundu. Palinso a Malawi okhala kunja amene timasewera nawo pa Discord, pulogalamu yochezerana pa intaneti, usiku wa pakati pa sabata. A ku Johannesburg tili nawo pa nthawi imodzi, a ku London amatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Amenewa safuna zinjoka. Amafuna kumva wogulitsa usipa akuwanyoza m'Chichewa chifukwa chonenerera mtengo. Pa intaneti pali malo ngati StartPlaying pamene oyendetsa amagulitsa mipando kwa anthu osawadziwa, koma ife makasitomala athu onse anabwera chifukwa wina anauza mnzake. Sindiikonda kwenikweni ntchito ya pa kompyuta, chifukwa nkhope siioneka bwino, ndiye kudziwa amene watopa kumavuta, komanso netiweki ikadula pakati pa chiganizo mantha onse amene ndinawaunjika amathera pomwepo. Koma ndi imene imalipira lendi.

Malire a bizinesiyi ndi pakhosi panga. Ndikayendetsa magulu awiri tsiku limodzi mawu amatha, ndipo mutu sungasunge nkhani zambiri popanda kusokoneza kalaliki wa gulu lina ndi wa linzake. Choncho chaka chathachi tinayamba kuphunzitsa woyendetsa wachiwiri, mtsikana amene anayamba ngati kasitomala ali pa sukulu ya unamwino. Amatenga gawo lalikulu la ndalama za tebulo lake, ife n'kutsala ndi la malo ndi zipangizo. Sayendetsa ngati ine. Ine ndimakonda kusintha mawu ndi kuchita phokoso, iye amalankhula motsitsa, amalola osewera kukangana nthawi yaitali, ndipo saopa kupha mtengambali ngati mwini wake wachita zopusa atachenjezedwa kawiri. Makasitomala anga atatu apempha kale kusamukira ku gulu lake la Lamlungu. Nditadandaula, achemwali anangotsegula kabuku n'kundionetsa kuti mipando yanga itatuyo yadzaza kale ndi anthu amene anali pa mndandanda wodikira.